Malume Overton ndi Lesi Yosatha

Mukafunsa Mmalawi aliyense amene wagwirako ntchito ku Dubai zaka zapitazi kuti a Overton anali ndani, sayamba n'kukuuzani kuti anali mlonda, ngakhale anali mlonda ndithu, wa pakhomo pa chinyumba china cha masitolo m'mbali mwa mtsinje wa Creek. Sayambanso ndi thupi lawo, ngakhale linali thupi loti yunifomu ankachita kuwasokera padera telala akung'ung'udza. Amayamba waseka kaye, kenako amakuuzani kuti a Overton ankaluka lesi. Lesi yomweyi, kansalu kamabowomabowo kamene amayi amakongoletsera m'mphepete mwa diresi. Chibambo cha ku Ntcheu chonsecho, zala zonenepa ngati nthochi, chikaweruka chinkakhala pa bedi n'kumaluka timaluwa ta ulusi woyera. Ndipo inali lesi imodzi yomweyo, imene anaiyamba kalekale ambiri a ife tisanaione n'komwe pasipoti, osaimaliza.

Enos anawadziwa a Overton mwa njira yochititsa manyazi. Anabwera kuchokera ku Kasungu kudzagwira ntchito yokolopa mu hotelo, ndipo kampani inamupatsa bedi yapamwamba m'chipinda cha amuna okhaokha, ku nyumba za antchito cha ku Jebel Ali. Anafika masana eni chipinda ali ku ntchito. Pa bedi yapansi panali chinthu chofundikidwa ndi chitenje, ndipo Enos, poti ndi munthu wosaugwira mtima, anavundukula. Anapeza chipilo cholimba ngati chipika, mapini atabayidwabayidwa pamwamba pake, pansi pa mapiniwo pali katoni yobooledwa mwa zizindikiro zosadziwika bwino, ndiye timitengo tambirimbiri tikulendewera pa ulusi. Enos sanakulire m'tauni. Anadziwiratu kuti wapeza ndege ya mfiti, ndipo mumtima anati n'chifukwa chake anthu ena kuno sadandaula za tikiti yopitira kumudzi.

Anathamanga kukaitana Levy, mnzathu wa ku Zambia wa m'chipinda choyandikana, amene ankatsogolera mapemphero. Levy anabwera ndi botolo la mafuta a kukhitchini, anazungulira bediyo akudzudzula mizimu ya ku Malawi ndi ya ku Zambia yomwe kuti pasakhale wotsala, ndipo anali atangopendeketsa botolo pamene kuwala kwa pakhomo kunazima. A Overton anali ataima pamenepo, chipewa cha ulonda chili m'manja.

"Abusa," anatero mofatsa, "dontho limodzi lokha likagwera pa ulusi umenewo, wofuna mapemphero mukhala inuyo."

Levy ananena ameni wachangu kuposa onse amene Enos anamvapo, n'kutuluka chambali.

Tsiku lomwelo a Overton anamukhazika Enos pansi, n'kumuonetsa mmene ndegeyo imaulukira. Timitengo timayenda tiwiritiwiri, kalikonse ndi ulusi wake. Umapingasa, umapota, umapingasanso, kenako umabaya pini pa kabowo ka pakatoni kuti ulusi ugwire, ndipo katoniyo ndiyo patani. Zala zonenepa zija zikayamba ntchito, timitengo tinkalira chapansipansi kuti gobede gobede, mwini wake akulamula ngati ali pa perete, "Pingasa, pota, pingasa, baya." Luso limeneli anawaphunzitsa Anti Kusuma, mayi wa ku Galle ku Sri Lanka amene ankachapa zovala mu hotelo a Overton atangofika kumene. Mayiyo anawapeza tsiku lina akulira chifukwa chopukwa kwawo, chimunthu chonsecho, ndipo m'malo mowatonthoza anangowapatsa timitengo m'manja. Pobwerera kwawo anawasiyira pilo yake. Lesi yolukidwa kale inkagwera m'thumba kuseri kwa piloyo, ndipo thumbalo panalibe wololedwa kulimasula. Poyamba akuti linali kathumba ka shuga, koma Enos analipeza lili thumba la mpunga. Atafunsa kuti lesi yonseyi ndi yachiyani, anamuyankha kuti ikatha adzaona.

Kukhala chipinda chimodzi ndi a Overton kunali kuchenjera ndi katundu wako. Timitengo tenitenti ta Anti Kusuma tinali tochepa, ndiye totsalato ankapanga okha ndi chilichonse chowongoka. Ankatola timitengo todyera mpunga ta Atchaina, mabolopeni otha inki, ngakhale mpini wa supuni. Enos anasowa mswachi wake mmawa wina, anafunafuna mpaka basi ya kampani inatsala pang'ono kumusiya, ndipo pobwera ku ntchito anaupeza ukulendewera pa pilo, atauchotsa mutu, utavala ulusi. A Overton sanapepese. Anamuuza kuti mswachiwo wakwezedwa pa ntchito.

Tsiku lopuma a Overton ankakwera sitima ya Metro kupita ku Bur Dubai kukagula ulusi, ndipo Enos ankamutenga kuti azinyamula jumbo. Kumeneko kunali mwenye wina wa sitolo ya nsalu amene ankati akawaona akubwera ankagwira mutu. Ulusi a Overton sankagula ndi maso. Ankaukoka, n'kuukhwatcha pafupi ndi khutu ngati waya wa banjo, kenako n'kuulawa. Ulusi wina ankati wachuluka mchere, wina ankati ndi wabodza, wina ankati ulibe ulemu. Mwenye ankachita kuwachonderera, apa akuti habibi, bwenzi langa, apo akuti khalas, basi zatha, makasitomala ena atadzaza pakhomo kudzaonerera. Mapeto ake ankagula ulusi womwe uja anaulawa poyamba.

Pa nkhani ya lesi za mayiko ena ndiye anali ndi tsankho losabisa. Kwa iwo lesi inali ya ku Galle basi, zina zonse zinali zoyeserera. Amayi ena achizungu a ku Al Furjan, amene ankakumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo kumaluka lesi, anamva za mlonda woluka ndipo anawaitana. A Overton anavala tayi, Enos anasenza pilo. Anawalandira bwino, tiyi ndi keke pa tebulo, aliyense akuonetsa zakwawo. Wa ku Malta anaonetsa timitanda timene amaluka m'kati mwa lesi yawo, a Overton anati kupemphera n'kwabwino koma kuli ndi malo ake. Wa ku Belgium anaonetsa maluwa ake, iwo anati maluwawo akufuna feteleza. Wa ku England anatulutsa timitengo take tomangirira mikanda kumatako kuti tizilemera, ndipo a Overton anatembenukira kwa Enos n'kunena mokweza m'Chichewa kuti kwathu mikanda ndi ya m'chiuno. Enos anatsamwa ndi tiyi. Amayiwo sanakwiye, anachita chidwi ndi liwiro la zala zawo, mpaka mmodzi wachikulire anapempha mwaulemu kuti awaonetseko mmene a ku Galle amatsekera lesi ikafika pomaliza. A Overton anayang'ana wotchi, ananena kuti basi iwasiya, n'kunyamuka keke ili pa mbale. Enos zinamudabwitsa njira yonse, chifukwa chiyambire anali asanawaonepo akusiya chakudya.

Kupatula ulonda ndi lesi, a Overton anali ndi ntchito yachitatu yopanda malipiro. Ku Dubai kulibe amalume, ndiye aliyense wofuna banja ankapita kwa iwo kuti akhale nkhoswe, n'chifukwa chake tonse tinkawatcha malume. Mwambo ankausunga wonse. Pa chinkhoswe pamafunika kusinthana tambala ndi thadzi, ndipo poti nkhuku yamoyo simungakwere nayo basi ya kampani, ankagula ziwiri za mufiriji, imodzi n'kuimanga kansalu kofiira pakhosi kuti ikhale tambala. Wina akaseka ankamutulutsa panja.

Choncho Enos atagwa m'chikondi ndi Lennah, sanavutike kusankha nkhoswe. Lennah anali wa ku Chipata, wokonza zipinda mu hotelo yomwe ija, mkazi wolankhula kamodzi. Amalume ake kumudzi anali munthu wovuta, wosakhulupirira zibwenzi za kunja, koma a Overton atawaimbira foni ya vidiyo atavala tayi ija, n'kuwachitira sawasha, mkuluyo anasungunuka. Ananena kuti nkhani ya mwana wawo azikambirana ndi bambo wa tayiyo, osati wina aliyense. A Overton zinawakwera kumutu. Lamlungu lotsatira titatha mapemphero, atakhuta biriyani, anaimirira pamaso pa gulu lonse n'kulengeza kuti lesi yawo yapeza mwini wake, idzakhala pa diresi la Lennah, ndipo tsiku la chinkhoswe adzalitchula lesiyo ikangotha. Anthu anawomba m'manja. Enos, wosauka, ndi amene anawomba kwambiri.

Miyezi inayamba kudutsa. Nyengo yotentha anati chinyezi chafufumitsa ulusi. Kutazizira anati zala zauma. Enos akaloza duwa limene langotha kumene n'kunena kuti apa pakhoza kukhala pothera, ankamuuza kuti duwa loyang'ana kumanzere silingatseke lesi, ndipo lotsatira linkayang'ananso kumanzere. Akawafunsa tsiku, yankho linali inshallah. Enos ankagona pamwamba akumva gobede gobede pansi pake, ndipo kaphokoso kamene kale kankamugonetsa tulo tsopano kankamusowetsa tulo.

Lennah anapirira mpaka pamene anapirira, kenako anamuimitsa Enos pokwerera basi.

"Ba Enos, contract yanga isila mu December. Ngati kulibe chinkhoswe, nikwela ndeke neka, ndipo musakanitumile foni."

Enos anadziwa kuti si zoopseza. Anayesa kusintha nkhoswe, anamuveka Levy jekete n'kumuimika kutsogolo kwa foni, koma amalume a ku Chipata anangofunsa kuti bambo wa tayi ali kuti, n'kudula. Ndiye anachita zimene munthu wothedwa nzeru amachita. Anapita yekha ku Bur Dubai, anagula lesi ya makina, anaikulunga bwinobwino m'pepala, n'kukampatsa Lennah kuti malume amaliza. Nzeru yake inali yoti mkazi akakhulupirira, a Overton achita manyazi n'kutchula tsiku. Lennah anaitambasula, sanaiyang'ane n'kawiri komwe.

"Iyi ni ya makatani. Nimaichapa daily."

Anamubwezera ndi pepala lomwe, ndipo sabata imeneyo sanamuyankhe moni. Enos anafika kuchipinda mtima uli m'mwamba, anawapeza a Overton ali pa pilo yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawalankhula ataimirira. Anawauza za makatani aja, n'kunena kuti amuphera banja lisanabadwe, kuti munthu wamkulu salonjeza pagulu zinthu zimene sakufuna kuchita, ndipo lesi yawoyo adzaifunde okha. Ankayembekeza kuti amukalipira. Koma timitengo tinangosiya kulira, a Overton anafundika pilo ndi chitenje, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Masiku angapo pambuyo pake a Overton anagwa ali pa ntchito, pakhomo pomwe paja. Unali mtima. Enos atamva anakhala pansi mopu ili m'manja, ndipo mawu ake aja anamubwerera onse, lililonse ndi kulemera kwake. Kuchipatala anawapeza atachepa, mawaya ali pachifuwa, koma pakamwa pali pomwepo. Anadandaula kuti ulusi umene manesi amasokera anthu ndi wachabechabe, kenako anamutuma kuti mawa abwere ndi pilo, ndi thumba lomwe, ndi Lennah yemwe.

Mawa lake Enos anabwera nazo pa takisi, thumba la mpunga lili pamiyendo pa Lennah. A Overton anauza Enos kuti akoke katani, anamukodola kuti ayandikire, n'kunong'ona mokweza moti wodi yonse inamva.

"Mphwanga, ine lesi sindidziwa kumaliza."

Enos anaganiza kuti ndi mankhwala akulankhula. Koma mkuluyo anafotokoza bwinobwino. Anti Kusuma anawaphunzitsa kuyamba, kupingasa, kupota, maluwa ndi masamba, ndipo anati kutseka lesi ndi phunziro lomaliza, adzawaonetsa sabata yotsatira. Sabata yomweyo kwawo kunagwa matenda, mayiyo ananyamuka mwadzidzidzi, pilo anangowasiyira pageti, ndipo nambala yake inasiya kugwira. Anayesapo kuonera pa foni mobisa, koma manja onse amene ankaoneka m'menemo anali a ku Belgium ndi ku England, othamanga, olankhula zosamveka. Kufunsa amayi a ku Al Furjan kunali kosatheka pambuyo pa nkhani ya feteleza ija. Ndipo ankaopa kuti akangozula mapini n'kudula ulusi, lesi yonse isomboka kubwerera mpaka tsiku loyamba.

"Ndiye zaka zonsezi, malume, mumangopita kutsogolo?"

"Nanga ndikanapita kuti, mphwanga?"

Enos anafuna kuseka, anafunanso kulira, ndipo December anali pakhomo. Lennah anayandikira bedi. Anagwada, n'kumasula thumba limene panalibe munthu analimasulapo, a Overton akuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anayamba kusolola. Lesi inadzaza bedi, inatsikira pansi, inadutsa kunsi kwa katani mpaka bambo wa ku Pakistan wa pa bedi yoyandikana anakweza miyendo kuti idutse. Anasolola mpaka anafika pansi penipeni pa thumba, pamene panali nsonga yoyambirira, yofiirira ndi ukalamba. Kenako anatulutsa kasizasi m'chikwama chake.

"Ba Overton, ku Bur Dubai mukafuna nsalu, amayembekeza kuti fakitale ivale? Amadula kwamene yayambila, apinda, asoka, khalas. Kuja kuli mapini sitigwilako. Tidula kuno."

A Overton anayang'ana sizasi, anayang'ana nsonga ija, anayang'ana kudenga. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka makina a pambali pawo anayamba kulira, nesi anabwera akuthamanga n'kupeza wodwala akupukuta misozi ndi lesi. Atapuma anayesa kukana ndithu. Anati koyambirirako ndi koipa kuposa konse, ndi ntchito ya wophunzira, maluwa ake ndi okhota ngati anagwidwa ndi mphepo, mkwatibwi sangavale zimenezo pagulu.

"Mwamuna wake naye si wowongoka," anatero Lennah. "Zizagwilizana."

A Overton anagwira okha mbali imodzi, anatsinzina ngati mwana wobayidwa jekeseni, ndipo Lennah anadula. Palibe chinasomboka. A Overton anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kufunsa ngati Enos wabwera ndi tayi. Inali m'thumba la jekete yawo. Anaimanga pamwamba pa mkanjo wa chipatala, anaimbira ku Chipata, anachita sawasha ndi dzanja la diripi, n'kutchula tsiku. Atadula foni Enos anagwada pambali pa bedi kuti apepese za mawu aja, koma anamuletsa, anati apepese kwa mwenye wa ku Bur Dubai amene anamugulitsa makatani.

Tsikulo iwo sanalifike. Anatisiya Lachinayi lina masana, pilo ili pambali pawo, pini yomaliza ili pakati pa duwa loyang'ana kumanzere. Thupi lawo linapita kwawo ku Ntcheu, ndipo m'chikwama chawo Enos anaikamo lesi yokwanira mayi a kunyumba ndi ana awo aakazi onse, amene zaka zonsezo ankangomva kuti bambo akuluka chinachake. Chinkhoswe chinachitika December asanathe. Levy ndi amene anaima ngati nkhoswe, atavala tayi ya a Overton imene inkamufika m'maondo, ndipo amalume a ku Chipata ataiona tayiyo pa foni sanafunse funso lililonse. Nkhuku za mufiriji zinasinthanidwa mwaulemu wonse. Pakhosi pa diresi la Lennah panali timaluwa tofiirira, tokhotakhota, ndipo amene ankadziwa mwini wake sanathe kuyimba bwino nyimbo yoyamba.

Lennah anasainanso kontirakiti ina. Ndi banja la ku Dubai, mkazi ku nyumba za akazi, mwamuna ku Jebel Ali, ndiye Enos akadali pa bedi yake yapamwamba. Pansi pake pamagona munthu wina wabwinobwino, wosaba miswachi, woliza mkonono wamba, ndipo chipindacho chinakula mosasangalatsa. Anthu amaweruka, amadya, aliyense amayang'ana foni yake. Mwenye wa ku Bur Dubai atamva za imfayo anatsitsa ulusi pa shelefu n'kumupatsa Enos kuti alawe. Pilo ija imakhala pamwamba pa loka ya zovala, ndipo mphepo ya makina oziziritsa ikawomba chitenje, timitengo timagundana kuti gobede gobede, amuna akuluakulu n'kusiya nkhani pakati.

Aliyense wochita chinkhoswe masiku ano amabwera kudzadulitsa kachidutswa kake, kuchokera koyambirira, ndipo thumba la mpunga layamba kupepuka. N'chifukwa chake tsiku lopuma Enos amatsitsa piloyo, amakhala pansi, n'kumapingasa, kupota ndi kubaya kuyambira pa duwa limene malume anasiyira, mswachi wake wakale uli m'gulu la timitengo. Maluwa ake ndi oipa kuposa oyambirira aja. Lennah amamuuza kawirikawiri kuti amayi a ku Al Furjan akadalipo, ndipo akhoza kumuphunzitsa kutseka lesi masana amodzi okha, nkhani n'kutha. Enos amamvetsera mpaka mkazi wake amalize, amayang'ana wotchi, n'kunena kuti basi imusiya.